Bokosi la Sipika ya Besi M'galimoto

Anzanga ena amaganiza kuti ukagula sipika yaikulu, basi besi yapezeka. Ine ndikuti ayi. Chikopa cha ng'oma sichilira popanda thunthu lake, ndipo sipika nayonso imafuna bokosi.

Chifukwa chake n'ichi. Sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imaukoka. Mafunde awiriwa akakumana amafafanizana, ndipo mawu okhuthala aja amazilala. Ntchito ya bokosi ndi kuwalekanitsa.

Kwa woyamba kumene ndimalangiza bokosi lotsekeratu. La dzenje limalira kwambiri, inde, koma muyeso wa dzenjelo ukaphonyeka pang'ono limangobuula.

Kukula kwa bokosi kumalembedwa papepala lobwera ndi sipikayo. Tinene kuti lanena malita 35. Apa ndi pamene masamu a m'kalasi amagwira ntchito, ngakhale ena timawadandaula. Yezani m'kati mwa bokosi, osati kunja: masentimita 40 kuchulukitsa ndi 35, kenaka ndi 25, zikupatsani 35,000. Gawani ndi 1,000, mwapeza malita 35.

Gwiritsani ntchito thabwa la MDF la mamilimita 18, chifukwa lopyapyala limanjenjemera. Lumikizani ndi guluu ndi misomali yamazinga, ndipo matani silikoni m'ngodya zonse kuti mpweya usatuluke.

Makolo ndi ansembe eni galimoto, ziwiri izi musalole kuti zidumphidwe. Bokosi limangiriridwe zolimba m'buti, poti pangozi limauluka ngati mwala. Waya wopita ku ampulifaya akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire. Popanda fyuziyo, waya akakhudza chitsulo galimoto itha kupsa.