Kuchokera kuchipatala kukafika ku Chichiri: mmene mlandu wochotsa pakati umayendera

Pa 28 Okutobala 2025, bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri mumzinda wa Blantyre lidagamula kuti mwana wamkazi amene watenga pakati chifukwa chogwiriridwa ali ndi ufulu wothandizidwa kuchotsa pakatipo kuchipatala. Woweruza adali Jaji Mike Tembo, ndipo wodandaula adali mtsikana amene m'mapepala a khoti amangotchulidwa kuti AC pofuna kumuteteza. Ambiri adamva nkhaniyi pawailesi nayamba kutsutsana ngati chigamulocho n'chabwino kapena ayi. Ochepa adafunsa kuti mwana wamng'ono chotere adakwanitsa bwanji kukokera boma kukhoti. Yankho lake likukhudza kholo lililonse la ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, chifukwa njira yomweyo ndi imene aliyense angayende.

Tiyambe ndi lamulo lenilenilo. Malamulo a milandu yaupandu, amene tidatengera kwa atsamunda, amaletsa kuchotsa pakati m'magawo atatu. Gawo 149 limati wochotsa mayi pakati akhoza kukhala kundende zaka 14. Gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, pomwe gawo 151 limapereka zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zida. Koma palinso gawo 243, limene anthu ambiri salidziwa: wachipatala amene wachita opaleshoni mokhulupirika ndi mosamala pofuna kupulumutsa moyo wa mayi alibe mlandu. Ntchito ya maloya a milandu imeneyi yakhala ikuzungulira pa funso limodzi: kodi kupulumutsa moyo kumatanthauza kudikira mpaka mayi atayamba kutsirizika, kapena kumakhudzanso thanzi la thupi ndi la maganizo ake?

Funsoli silongopeka m'maofesi. Kafukufuku wa sukulu ya madokotala ya College of Medicine pamodzi ndi bungwe la Guttmacher Institute adapeza kuti mu 2015 m'dziko muno mudachotsedwa mimba pafupifupi 141,000, ndipo amayi 60 mwa 100 alionse amene adachotsa pakati adapeza mavuto ofunika chithandizo chakuchipatala. Anamwino a ku chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) amawaona amayiwa akubwera akutaya magazi.

Poyamba anthu adayesa njira ya Nyumba ya Malamulo. Komiti yapadera ya bungwe lounika malamulo idatulutsa lipoti mu 2015, nipereka bilu yololeza kuchotsa pakati ngati moyo kapena thanzi la mayi lili pachiswe, ngati mwana ali ndi chilema choti sangakhale nacho moyo, komanso ngati mayi wagwiriridwa kapena wagonedwa ndi wachibale. Mu Disembala 2016 mipingo idachita ziwonetsero zokana biluyo. Mu Malichi 2021 phungu Mathews Ngwale adayesa kuibweretsa m'Nyumba, koma aphungu anzake adakana ngakhale kuikambirana. Khomo limenelo litatsekeka, lotsala lidali la khoti.

Mmodzi mwa maloya amene akhala pa ntchitoyi kwa zaka zambiri ndi Dr. Godfrey Kangaude, mkulu wa bungwe la Nyale Institute la ku Blantyre, amene adachita maphunziro a udokotala wa zamalamulo ku University of Pretoria. Loya wotere sapezeka m'khoti tsiku lililonse atavala mkanjo. Nthawi yake yambiri imathera powerenga zigamulo za mayiko ena, kulemba nkhani zofotokoza malamulo, kuphunzitsa azaumoyo, ndi kudikira banja lolimba mtima loti livomere kuti tsoka la mwana wawo lifike pamaso pa jaji. Mabanja otere ndi osowa. Amaopa miseche ya m'dera, amaopa kutchalitchi, ndipo palibe angawadzudzule pa mantha amenewo.

Mlandu ukapezeka, choyamba loya amasankha khomo lolowera. Lilipo lopempha bwalo lalikulu kuti liunikenso zimene ofesi ya boma yachita. Apa pamafunika chilolezo cha jaji mlandu usanayambe, pempho liperekedwe mwamsanga pasanathe miyezi itatu, ndipo wodandaula asonyeze chiganizo chenicheni chimene ofesiyo idapanga. Khomo lina ndi losumira boma ngati mlandu wamba, kupempha khoti kuti linene poyera kuti ufulu waphwanyidwa ndi kulamula chipukutamisozi. Pa njira iyi lamulo limafuna kuti mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo adziwitsidwe m'kalata miyezi itatu mlandu usanatsegulidwe. Mwana sasuma yekha: amaimiriridwa ndi kholo kapena womulera, ndipo loya amapempha kuti dzina lake libisidwe.

Kusiyana kwa makomo awiriwa kudaonekera mu 2021. Mtsikana wina wa zaka 15, wotchulidwa kuti CM, adapempha bwalo lalikulu ku Zomba kuti liunike zimene chipatala cha Queen Elizabeth chidachita pa nkhani yake. Jaji Mzonde Mvula adakana kupereka chilolezo, ponena kuti padalibe umboni woti mtsikanayo adapempha mwachindunji kuti amuchotse pakati n'kukanizidwa. Popanda chiganizo cha chipatala, khoti lidalibe choti liunike. Mtsikanayo adagonja, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana adabwerera chimanjamanja chifukwa cha mawu amene sadalembedwe paliponse. Komabe m'chigamulo chomwecho jaji adavomereza kuti kuteteza moyo wa mayi kumakhudza thanzi la thupi ndi la maganizo. Maloya adagwiritsitsa mawu amenewo.

Pa mlandu wa AC zinthu zidali zomveka. Mtsikanayo adapita ku chipatala cha Chileka atagwiriridwa ndi munthu wamkulu, ndipo adakanizidwa chithandizo. Pambuyo pake katswiri wa matenda a amayi ku Queen Elizabeth adamuyeza, naona kuti pakatipo n'poopsa pa thanzi lake, ndipo adathandizidwa. Pokasuma, maloya adatsamira pa lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi. Gawo 19 la lamuloli limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere wabwino, ndipo gawo 20 limalamula azaumoyo kulemekeza ufuluwo ndi kumufotokozera wodwala zonse zofunika kuti asankhe akudziwa. Malawi idavomerezanso mu 2005 pangano la Maputo la ufulu wa amayi mu Africa, limene gawo 14 limauza maboma kulola kuchotsa pakati pobwera chifukwa chogwiriridwa. Khoti lidapeza kuti ufulu wa mtsikanayo udaphwanyidwa, ndipo lidalamula Unduna wa Zaumoyo kukonzanso ndondomeko zake za 2020 kuti azaumoyo adziwe bwino chochita ndi ana otere.

Chigamulochi sichidafafanize magawo 149, 150 ndi 151. Khoti limamasulira lamulo. Kulisintha ndi ntchito ya aphungu, ndipo mbali yosakhutira ili ndi ufulu wochita apilo ku bwalo lalikulu la apilo, limene lilinso ku Chichiri komweko. Anzathu otizungulira adadzera kunyumba zawo za malamulo: Zambia mu 1972, South Africa mu 1996, Mozambique mu 2014. Ine ndimalemekeza Akhristu ndi Asilamu amene chikumbumtima chawo chimakana kuchotsa pakati. Koma sindiona chilungamo pokakamiza mwana wa sitandade 6 kunyamula mimba ya munthu amene adamugwirira, ndipo aphungu athu adalakwa pothawa kukambirana nkhaniyi.

Nanga kholo lichite chiyani mwana akagwiriridwa? Msangamsanga mupite naye ku Chikwanekwane, malo a ku Queen Elizabeth kumene azaumoyo, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amagwirira ntchito pamodzi. Pasanathe maola 72 mwana akhoza kulandira mankhwala omuteteza ku HIV, ndipo alipo mankhwala oletsa kutenga pakati amene amagwira bwino akamwedwa mwachangu. Ngati pakati paoneka kale, nenani momveka chimene mukupempha, ndipo pemphani kuti pempho lanu ndi yankho la dokotala zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo, pamodzi ndi tsiku. Akakana, funsani chifukwa chake ndipo pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wamkulu. Sungani lipoti la kupolisi ndi pepala lililonse, pakuti mapepala amenewa ndiwo loya adzayambire.

Kusowa ndalama kusakubwezeni. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau lili ndi ofesi ku Blantyre ndipo limaimirira anthu osauka, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo kwaulere, ndipo gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika kukhoti. Pitani sabata yomweyo, chifukwa mimba siidikira ndipo miyezi itatu ya khoti imayamba kuwerengedwa tsiku limene mwakanizidwa.