Ochemerera Mpira a ku Philadelphia ndi Tsiku Losankha Anyamata

Tiyeni tiwoloke nyanja tipite ku dziko la America. Kumeneko kuli mzinda waukulu dzina lake Philadelphia, ndipo anthu ake amakonda timu yao ya mpira, yotchedwa Eagles, monga munthu akondera mwana wake. Chaka ndi chaka timuyi imasankha anyamata atsopano, ndipo chaka ndi chaka ochemerera amayamba kuweruza anyamatawo tsiku lomwelo, asanalowe n'komwe m'bwalo. Tsono tiyeni tione ngati kuweruza kwaoko kumakhala koona.

Mpira wake ndi wotani?

Poyamba mudziwe kuti mpira umenewu si uja ana athu amasewera pabwalo la sukulu ayi. Wao ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo amaunyamula m'manja ndi kuponyerana. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11 m'bwalo, atavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa, pakuti amagundana ndi kugwetsana ngati nkhosa zamphongo. Cholinga chao ndicho kufikitsa mpira kumapeto a bwalo, ku mbali ya adani. Mwa anthu 11 aja alipo mmodzi amene amatsogolera anzake ndi kuwaponyera mpira. Udindo wakewo amautcha quarterback. Timu yopanda quarterback wabwino siipita patali.

Matimu akuluakulu alipo 32, ndipo onse ali m'bungwe limodzi lotchedwa NFL. Masewero otsiriza a chaka, olimbirana chikho, dzina lake ndi Super Bowl.

Wotsalira ndiye ayamba kusankha

Kale matimu olemera ankangokopa anyamata onse aluso ndi ndalama, osauka n'kumatola zotsala. Bert Bell, mmodzi wa eni ake a Eagles, anatopa nazo zimenezi. M'chaka cha 1935 anapempha anzake kuti pakhale lamulo lotere: anyamata ochokera m'makoleji azisankhidwa mmodzimmodzi, ndipo timu imene inagonja koposa chaka chathacho ndiyo iziyamba kusankha, imene inatenga chikho izisankha pomalizira. Anzakewo anavomera. Kusankha kumeneku amakutcha draft.

Draft yoyamba inachitika pa 8 Febuluwale 1936 mu hotela ina mumzinda wa Philadelphia momwemo. Matimu anali 9 okha. A Eagles, pokhala otsalira, ndiwo anayamba, nasankha Jay Berwanger wa ku yunivesite ya Chicago, mnyamata wotchuka koposa onse nthawi imeneyo. Koma taonani! Anamgulitsa ku timu ya Chicago Bears, kumenekonso sanagwirizane za malipiro, ndipo Berwanger anakayamba ntchito zina. Munthu woyamba kusankhidwa m'mbiri yonse ya draft sanasewereko mu NFL ngakhale tsiku limodzi.

Masiku ano draft imachitika kumapeto kwa mwezi wa Epulo, ndipo imatenga masiku atatu. Ili ndi magawo 7, ndipo anyamata osankhidwa amaposa 250. Kuyambira 1980 amaionetsa pa wailesi yakanema. Anthu amasonkhana atavala malaya a matimu ao, ndipo dzina likangowerengedwa, ena amaomba m'manja, ena amakuwiza. Usiku womwewo olemba nkhani amayamba kupereka malikisi kwa timu iliyonse monga achitira mphunzitsi pa mayeso: A kwa amene asankha bwino, F kwa amene alephera. Zonsezi zimachitika mnyamata asanaugwire n'komwe mpira wa timu yake yatsopano.

Tsiku limene anamkuwiza McNabb

M'chaka cha 1998 a Eagles anapambana masewero atatu okha mwa 16. Motero mu draft ya 1999 anapatsidwa malo achiwiri. Ochemerera ambiri anali atasankha kale munthu wao m'mitima mwao. Iwo ankafuna Ricky Williams wa ku yunivesite ya Texas, katswiri wothamanga ndi mpira, amene anali atangolandira mphotho ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Ngakhale meya wa mzindawo, Ed Rendell, ananena poyera kuti akufuna Williams. Munthu wina wolankhula pa wailesi anasonkhanitsa amuna okwana ngati 30, napita nao ku New York kumene draft inkachitikira.

Koma mphunzitsi watsopano wa timuyo, Andy Reid, anali ndi maganizo ena. Iye anaona kuti chosowa chachikulu ndi quarterback. Tsono dzina litawerengedwa, linali la Donovan McNabb wa ku yunivesite ya Syracuse. Pomwepo amuna aja anayamba kukuwiza, dziko lonse likuonerera pa kanema. Taganizani inu makolo: mnyamata wa zaka 22, pa tsiku limene analiyembekeza kuyambira ubwana wake, akukwera pansanja kukalandira malaya a timu yake, ndipo anthu oyamba kumnyoza ndi omwewo amene akupita kukawasewerera.

Nanga zinatha bwanji? McNabb anasewera ku Eagles zaka 11. Kasanu konse anafikitsa timuyo pa masewero otsiriza olowera ku Super Bowl, ndipo mu Febuluwale 2005 anailowetsa mu Super Bowl imene, zaka 24 zitapita chifikireni kumeneko. Chikho sanatenge, pakuti anagonja kwa New England Patriots ndi mapointi 24 kwa 21. Ndipo mudziwe kuti quarterback amene anawagonjetsa tsikulo anali Tom Brady, amene mu draft ya 2000 anasankhidwa pa nambala 199, matimu onse atamlambalala kangapo. Brady ameneyu anapuma atatenga chikho cha Super Bowl kasanu ndi kawiri.

Tisamnamizire Williams. Iyenso anali wosewera wabwino, ndipo pa moyo wake wa mpira anathamanga ndi mpira mayadi oposa 10,000. Koma ku New Orleans, kumene anamsankha chaka chomwecho atapereka malo ao onse a draft kuti ampeze, anakhalako zaka zitatu zokha.

Analasa dzulo, naphonya lero

Musaganize kuti ochemerera amalakwa nthawi zonse. Draft ya 2020 itionetsa mbali zonse ziwiri.

Tsiku loyamba a Eagles anali pa nambala 21, ndipo ankafuna mnyamata wodziwa kuwakha mpira woponyedwa. Ochemerera ambiri ankayembekeza Justin Jefferson. Koma mkulu wosankha osewera, Howie Roseman, pamodzi ndi anzake anatenga Jalen Reagor chifukwa cha liwiro lake. Timu yotsatira, Minnesota Vikings, siinachedwe: inatola Jefferson pa nambala 22. Chaka chomwecho Jefferson anapititsa mpira mayadi 1,400, pamene Reagor sanafike 400. M'chaka cha 2022 a Eagles anamtumiza Reagor ku Minnesota komweko. Apa ochemerera anaona bwino kuposa akuluakulu olipidwa pa ntchitoyo.

Koma m'mawa mwake, m'gawo lachiwiri, pa nambala 53, timuyo inasankha quarterback dzina lake Jalen Hurts wa ku yunivesite ya Oklahoma. Mkwiyo wa tsiku limeneli unali waukulunso. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu. Timuyo inali naye kale quarterback, Carson Wentz, amene anamsankha pa nambala 2 m'chaka cha 2016 anthu akukondwera, ndipo mu 2019 anali atapangana naye za malipiro a madola 128 miliyoni pa zaka zinayi. Anthu anafunsa kuti, n'kutayiranji malo abwino pa munthu amene azingokhala pabenchi?

Chaka chisanathe Wentz anayamba kusewera moipa, ndipo mu Disembala 2020 Hurts analowa m'malo mwake. Mu 2021 Wentz anatumizidwa ku Indianapolis. Hurts anafikitsa Eagles mu Super Bowl mu Febuluwale 2023, nagonja pang'ono kwa Kansas City Chiefs, 38 kwa 35. Mu Febuluwale 2025 matimu awiriwa anakumananso, ndipo ulendo uno a Eagles anapambana 40 kwa 22, Hurts nalandira mphotho ya wosewera wopambana onse pa tsikulo. Mphunzitsi wa Chiefs pa masewero onse awiriwa anali Andy Reid, yemwe uja anasankha McNabb.

Mwaonatu. Anthu omwewo, sabata yomweyo, maso omwewo: tsiku loyamba analasa, tsiku lachiwiri anaphonya.

Amene sanawerengedwe n'komwe

Palinso anyamata ena amene sakuwizidwa kapena kuomberedwa m'manja, chifukwa posankhidwa iwo anthu ambiri amakhala atatopa n'kuzimitsa kanema.

M'chaka cha 2011 maso onse anali pa Danny Watkins, wosankhidwa m'gawo loyamba pa nambala 23. Iye anangokhala zaka ziwiri ku Eagles, ndipo pambuyo pake anabwerera ku ntchito imene ankaikonda, yozimitsa moto. Koma m'gawo lachisanu ndi chimodzi, pa nambala 191, anatola Jason Kelce, amene ambiri ankati thupi lake ndi laling'ono pa ntchito yotchinjiriza quarterback. Kelce anasewera ku Eagles zaka 13, ndipo anali m'gulu limene linabweretsa chikho choyamba cha Super Bowl ku Philadelphia mu Febuluwale 2018.

Chaka chomwecho cha 2018, pa nambala 233, anasankha Jordan Mailata wa ku Australia, chimunthu chotalika kuposa mamita awiri. Iye ankasewera rugby kwao, ndipo mpira wa ku America anali asanaseweko ndi kamodzi komwe. Zaka ziwiri zinatha osalowa m'masewero enieni, akungophunzira. Munthu wompatsa malikisi pa nthawi imeneyo akanati timu yataya malo pachabe. Koma mu 2025 Mailata anali mmodzi wa otchinjiriza Hurts pamene ankatenga chikho.

N'chifukwa ninji kuweruza kuli kovuta?

Zifukwa zilipo zingapo, ndipo ndi bwino kuzidziwa.

Choyamba, mpira wa kukoleji ndi wosiyana ndi wa NFL. Kukoleji mnyamata waluso amakumana ndi ambiri ofooka. Mu NFL aliyense amene akumana naye anali katswiri kumene anachokera.

Chachiwiri, zimene zimayesedwa si zonse zimene zimafunika. Draft isanachitike anyamata amaitanidwa ku Indianapolis. Kumeneko amawayeza msinkhu ndi kulemera, amawathamangitsa mayadi 40, amawanyamulitsa chitsulo cholemera mapaundi 225. Koma palibe sikelo yoyezera kulimba mtima, kumvera mphunzitsi, kapena kudzuka pambuyo pa kugonja. Brady uja pa mayadi 40 anatha masekondi oposa asanu, liwiro lochititsa manyazi pakati pa anzake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nthawi zina chonyozeka kunja ndicho chili bwino m'kati.

Chachitatu, mnyamata sasewera yekha. Quarterback waluso akapita ku timu yopanda omtchinjiriza amangokhalira kugwetsedwa. Wina amapeza mphunzitsi womvetsa luso lake, wina amapeza aphunzitsi osinthasintha chaka chilichonse. Ndiponso kuvulala kamodzi pa bondo kungathe kuthetsa zonse.

Chachinayi, wochemerera amaona pang'ono. Iye amadziwa maina amene amveka pa wailesi, ndipo amafuna chimene timu yake ikusowa lero. Wosankha osewera amaonerera masewero ambiri, amafunsa aphunzitsi ndi madokotala, ndipo amaganiza za zaka zitatu kutsogolo. Komabe mwaona nokha kuti iyenso amaphonya.

Nthawi yoyenera kupereka malikisi

Chifukwa cha zimenezi anthu odziwa mpira kumeneko amati draft iweruzidwe patapita zaka zitatu. Malamulo a NFL nawonso amayenda chimodzimodzi. Kuyambira 2011 mnyamata aliyense wosankhidwa amapangana ndi timu yake kwa zaka zinayi. Kwa osankhidwa m'gawo loyamba, timu imayenera kunena pakutha pa chaka chachitatu ngati ikumfunanso chaka chachisanu. Pamenepo ndi pamene choona chimaonekera, pakuti timu yokhutira imatulutsa ndalama, yosakhutira imangokhala chete.

Sindikunena kuti ochemerera azikhala duu pa tsiku la draft. Kukangana za anyamata atsopano ndi mbali ya chisangalalo chao, monga inunso mumakanganira timu ya m'mudzi mwanu. Munthu amene sakonda timu sangaikwiyire. Koma kutsutsa maganizo a mphunzitsi ndi nkhani ina, kunyoza mnyamata amene sanadzisankhe yekha ndi nkhani inanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Seputembala 2013 a Eagles anamuitana McNabb ku bwalo lao ku Philadelphia. Pakati pa masewero analengeza kuti nambala 5, imene iye ankavala pamsana, siidzaperekedwanso kwa wosewera wina aliyense wa timuyo. Bwalo linali lodzaza, ndipo tsiku limenelo anthu anamuombera m'manja. Zinali zitapita zaka 14 chimkuwizireni ku New York.