Namwali Amene Sanabadwe Atsatsa Zovala

M'mwezi wa August chaka cha 2025, magazini ya Vogue ya ku America, imene ambiri amaiyesa mfumu pa nkhani za zovala, inatuluka ndi tsamba la malonda a kampani ya Guess. Pa tsambalo panali namwali wachizungu wosalala khungu, atavala diresi lamizeremizere. Koma namwaliyo alibe mayi, alibe mudzi, ndipo diresilo sanalivalepo. Amene anampanga ndi a kampani ya Seraphinne Vallora, ndi makina anzeru otchedwa AI, ndipo mawu oulula zimenezi analembedwa m'timalemba tating'onoting'ono m'mbali mwa tsamba, mmene diso la munthu wofulumira silifikamo.

Awerengi athu ayenera kudziwa mmene makinawa amagwirira ntchito. Amayamba aonetsedwa zithunzi zankhaninkhani za anthu enieni kufikira atazolowera maonekedwe a nkhope, a manja ndi a nsalu; pambuyo pake munthu angolemba mawu pa kompyuta, ndipo makina atulutsa chithunzi cha munthu amene kulibe. Eni malonda akondwera nazo pakuti ndalama za wojambula, za wokonza tsitsi ndi za ulendo wa pandege zitsala m'thumba.

Ife sitinena kuti makinawa ngoipa. Tinena kuti chithunzi chotsatsira chovala ndi umboni. Mayi amene achiyang'ana afuna kudziwa mmene nsaluyo imagwera pathupi, pamene imathina, ndi pamene imakwinyika munthu akakhala pansi. Telala aliyense wa pakhonde la sitolo adziwa kuti nsalu yolemera ndi yopepuka sizigona mofanana pamapewa, ndipo nchifukwa chake amaitana mwini chovala kudzayesa asanamalize kusoka. Makina sanakhudzepo nsalu; amangoyerekeza. Tsono ngati wogula sauzidwa poyera kuti akuona choyerekeza, ndalama yake yatengedwa ndi umboni wonama, ngakhale wogulitsa sananame ndi pakamwa.

Palinso mlandu wa anthu amene amadyera ntchitoyi. M'chaka cha 2023 kampani ya Levi's inalengeza kuti idzayesa zithunzi za kampani ya Lalaland.ai ya ku Amsterdam, kuti ogula aziona zovala pa anthu a makungu ndi misinkhu yosiyanasiyana. Anthu anafunsa funso limene ife tiliona loyenera: ngati mufuna nkhope za anthu akuda, bwanji osalemba ntchito anthu akuda amoyo ndi kuwalipira? Kampaniyo inafulumira kuyankha kuti sidzaleka kujambula anthu enieni.

Njira yooneka yabwinoko inachokera ku kampani ya H&M ya ku Sweden m'chaka cha 2025. Iwo anati adzapanga "mapasa" a pa kompyuta a anthu 30 oonetsa zovala, mwa chilolezo cha eni nkhope, amene adzakhala eni a zithunzizo ndi kulandira malipiro zikagwiritsidwa ntchito, ndiponso kuti zithunzizo zidzakhala ndi chizindikiro. Apa mwini nkhope wakumbukiridwa. Koma wojambula, wonyamula nyali ndi wodzoza nkhope sanapatsidwe mapasa, ndipo tsiku limene mapasa agwira ntchito iwo akhala kunyumba.

Maboma sanakhale chete, ndipo ndi bwino kutero, pakuti ufulu wa wogula suyenera kudalira kukoma mtima kwa wogulitsa. Ku New York lamulo linayamba kugwira ntchito m'mwezi wa June 2025 lakuti pasapangidwe chifanizo cha pa kompyuta cha munthu woonetsa zovala popanda chilolezo chake cholembedwa. Dziko la France linayamba kale: kuyambira chaka cha 2017, chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lachepetsedwapo kapena kukulitsidwa pa kompyuta chiyenera kulembedwa mawu onena zimenezo. Lamuloli linaikidwa poona atsikana amene anali kudzimana chakudya pofuna kufanana ndi matupi a m'magazini, nkhani imene aphunzitsi aimvetsa koposa ena. M'chaka cha 2023 dziko lomwelo linalamulanso kuti anthu otchuka otsatsa malonda pa intaneti azilemba poyera ngati nkhope kapena thupi la pa chithunzi lapangidwa ndi makina.