Kabati ya Wailesi

Wailesi yogula ndi ndalama za fodya isamakhale pansi, pakuti chinyezi ndi fumbi zimaiwononga, ndipo makoswe amadula mawaya. Ipangireni kabati m'chilimwe, ntchito zakumunda zikachepa.

Sankhani matabwa ouma. Aawisi amapindika ndi kung'aluka. Ayanikeni pamthunzi, muike timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa. Mlombwa chiswe sichiudya msanga, koma sadula popanda chilolezo cha a zankhalango. Mafumu, kumbutsani anthu anu zimenezi.

Miyendo italike mainchesi 6, kuti posesa muziona njira za chiswe. Kumbuyo boolani mabowo, chifukwa wailesi ikamatentha imafa msanga. Batire muiike m'munsi ndi kutsekera, pakuti madzi ake amawotcha ana. Tsalani bwino.