Fulasiki ya pa Nkaya ndi kapu ya m'galimoto

Pa Nkaya, m'boma la Balaka, ndi pamphambano ya njanji. Njanji yakale yochokera ku Limbe kupita ku Salima, yomwe inatsegulidwa mu 1935, imadutsa pamenepa. Mu 1970 panatuluka nthambi yolowera kum'mawa, yowoloka Shire pa Liwonde n'kudutsa m'boma la Machinga mpaka ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique. Kenako kampani ya Vale ya ku Brazil inadzalumikizapo njanji yochokera ku migodi ya ku Moatize, moti sitima za malasha zimadutsa ndi mabogi osatha zikuthamangira kudoko la Nacala. Yosowa ndi sitima ya anthu. Wofuna kukwera amalawirira m'bandakucha, kufika pa siteshoni ndi ana ndi mitolo yake, n'kukhala pansi kudikira. Ulendo wa kuno mbali yake yaikulu ndi kudikira, ndipo nthawi zambiri sudikira wekha. Amene akufuna kugula chiwiya chosungira tiyi wotentha ayambe waganizira zimenezi asanatengeke ndi zomwe waona pa Facebook.

Zomwe waonazo ndi makapu achitsulo a munthu mmodzi, opyapyala kunsi, okhala ndi kabowo komwera pachivindikiro. Kapangidwe kameneka kali ndi kwawo. Ku America anthu ambiri amapita kuntchito ali okhaokha m'galimoto, ulendo wa pafupifupi theka la ola, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 opanga magalimoto anayamba kuika timabowo toikamo kapu pafupi ndi woyendetsa. Kapu inachepa kunsi kuti ilowe m'kabowomo, ndipo chivindikiro chinapangidwa chotsegula ndi chala chimodzi chifukwa dzanja linalo lili pachiwongolero. Kampani ya Stanley, yomwe inayamba mu 1913 ndi fulasiki yachitsulo ya William Stanley Jr., inatchukanso mu 2023 pamene mayi wina anaonetsa pa TikTok galimoto yake itapsa koma kapu yake ili bwinobwino, madzi oundana akadali m'kati. Anthu anakanganirana makapuwo m'masitolo. Kapuyo ndi yabwino ndithu, koma inapangidwira mpando wofewa, msewu wosalala ndi pakamwa pamodzi. Pa kabaza wopita ku Utale palibe kabowo koikamo kapu, m'minibasi yodzaza mulibenso, ndipo chivindikiro chomwera chikapendekeka m'chikwama chimanyowetsa zovala.

Chomwe chimasunga kutentha m'kapu ya Stanley ndi m'fulasiki ya pamsika wa Balaka n'chimodzi. James Dewar, wasayansi wa ku Scotland, anachipanga mu 1892 ku London: zipupa ziwiri, pakati pake atapopamo mpweya kuti kutentha kusowe podutsa. Mu 1904 amisiri a ku Germany anayamba kugulitsa chiwiyachi m'dzina la Thermos. Popeza m'zipupa njira ndi yotsekeka, kutentha kochuluka kumathawira kukamwa kwa chiwiya, ndipo apa mpamene ziwiya ziwirizi zimasiyana. Kapu ili ndi kukamwa kwakukulu ndi chivindikiro chopyapyala chapulasitiki, pomwe fulasiki ili ndi khosi lopanikiza ndi chotsekera chochindikala. Kukula nakonso kumathandiza: madzi a lita imodzi amachedwa kuzizira kusiyana ndi a kapu imodzi, monga momwe mphika wa phala la banja umakhalira wotentha pamene la m'kambale ka mwana lazizira kale. Sitima ikachedwa mpaka masana, wa kapu amakhala atamwa kale kapena akumwa zozizira, wa fulasiki akuthirabe.

Akuthiranso ena, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Fulasiki inalowa m'nyumba zathu ngati chiwiya chothandizira anthu: ndi yomwe woyang'anira wodwala amanyamulira phala kuchipatala cha Liwonde, yomwe imaperekeza mayi kuchikuta, yomwe amasungiramo madzi a mwana wakhanda usiku. Chivindikiro chake ndi kapu. Munthu akatsegula fulasiki pa siteshoni amathirira mwana, amathirira agogo amene wakhala nawo pafupi, amanyema mandasi kapena chinangwa, iye n'kumwa pomaliza. Kumwa wekha pamaso pa anthu amene adikira nawe kuyambira m'mawa, ngakhale palibe amene angakudzudzule, kumaoneka. Kapu ya kabowo ilibe njira yogawira. Ungopereka yonse kuti wina ayikepo milomo pamene wayika iwe, kapena umane.

Pali chifukwa chinanso, cha thanzi, chomwe otsatsa makapu satchula. Mu 2016 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingayambitse khansa ya kummero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe matendawa ndi ochuluka kwambiri padziko lonse. Tiyi si yekha wochititsa, zifukwa zake n'zambiri, koma kutentha n'komwe munthu angathe kuchepetsa popanda kuwononga ndalama. Kapu yabwino kwambiri imakhala yoopsa pa mfundo iyi, chifukwa imatumiza tiyi wa moto molunjika kukhosi kudzera pakabowo, wakumwayo osauona n'komwe. Wothira m'chivindikiro amaona nthunzi, amauzira, amadikira pang'ono.

Wina anganene kuti Balaka ndi dera lotentha, ndipo munthu wa pa Nkaya mu Okutobala amafuna thobwa lozizira, osati tiyi. N'zoona, koma fulasiki siisankha: imasunga ozizira monga imasungira otentha, ndipo mu Juni m'bandakucha chigwa cha Shire chimazizira mokwanira kuti munthu alakelake tiyi wa ku Thyolo wa shuga wambiri. Wina anganene kuti kumwera kapu imodzi kumafalitsa matenda, ndipo mawu amenewa ali ndi mphamvu m'dera lino, popeza kolera yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inayambira ku Machinga mu Malichi 2022. Koma madzi owiritsidwa ochokera kunyumba ndi odalirika kuposa a m'timapepala tosadziwika komwe tatungidwa, ndipo kunyamula kapu ina yachiwiri, n'kumaitsukuluza ndi madzi otentha a m'fulasiki momwemo, si katundu wolemera. Chodandaula chomwe chilibe yankho lapafupi ndi kusweka. Fulasiki zotchipa m'kati mwake ndi galasi, ndipo kabaza akagunda mwala umamva kuti tswa, ndalama zapita. Woyenda pafupipafupi ndi bwino alimbe mtima agule yachitsulo. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani madzi owira, tsekani, dikirani mphindi zingapo n'kugwira kunja. Ikatentha m'manja, ndiye kuti pakati pa zipupa palowa mpweya, kapena sunapopedwemo chiyambire. Mtengo pawokha sukutsimikizira kanthu, pakuti mu Disembala 2024 Stanley yomweyo inalengeza kuti makapu ake pafupifupi 2.6 miliyoni ku America ali ndi zivindikiro zomwe zimatha kuguluka n'kuwotcha munthu. Mkaka wokha ndi bwino kuunyamula padera, waufa, chifukwa tiyi wamkaka akafunda m'fulasiki amasasa n'kusiya fungo losatha.

Wogwira ntchito ku Capital Hill amene amayendetsa galimoto yake kuchokera ku Area 25 agule kapu ya kabowo, ulendo wake ndi womwewo womwe kapuyo inapangidwira. Koma mayiko omwe maulendo awo a sitima ndi aatali ngati athu anaganiza mwanjira ina. Ku China m'sitima muli mipope ya madzi owira aulere, ndipo apaulendo amangonyamula botolo ndi masamba a tiyi. Ku Russia kumapeto kwa bogi ya ulendo wautali kumakhala chowiritsira madzi, wosamalira bogiyo n'kumapereka tiyi m'matambula okhala m'zogwirira zachitsulo. Ku India ogulitsa tiyi amayenda m'mabogi akuitanira malonda, ndipo mu 2004 nduna ya za njanji, Lalu Prasad Yadav, inalimbikitsa kuti tiyiyo azigulitsidwa m'timakapu tadothi kuti oumba mbiya apezepo ntchito. Kumeneko madzi otentha amatengedwa ngati mbali ya ulendo womwe munthu walipira. Kwathu kuno ntchito imeneyo ili pamutu pa mayi wapanyumba, amene amadzuka usiku kukoleza mbaula, ndi pa azimayi ogulitsa pambali pa njanji. Oyendetsa njanji yomwe imanyamula malasha ulendo wa makilomita oposa 900 kuchokera ku Moatize kukafika kunyanja sangalephere kuika thanki ya madzi owira pa siteshoni ya Nkaya ndi m'bogi imodzi ya sitima ya ku Nayuchi.