Choko kuseri kwa mpanda

Wowerenga wina wokhala pafupi ndi ndende ya Dedza, m'tsinde mwa phiri muja, wandifunsa: kodi mkaidi angalembe mayeso a MSCE?

Amalemba ndithu. Ku Zomba, Chichiri ndi Maula akaidi amayankha mafunso a MANEB omwewo amene amatulutsa thukuta ana a pa Dedza Secondary. Owaphunzitsa kawirikawiri ndi akaidi anzawo opita patali ndi sukulu.

Koma kalasi yopanda makope ili ngati mtondo wopanda munsi. Ndalama za ndende zambiri zimathera ku ufa ndi nyemba, ndiye mabuku ndi choko, ngakhalenso mabulangeti a chisanu cha June, amadalira ongodzipereka: mipingo, makalabu othandiza anthu, komanso Prison Fellowship Malawi, yomwe ku Balaka imaphunzitsa akaidi otsala pang'ono kutuluka ukalipentala ndi utelala.