Musanamange kabokosi ka mafuta pa njinga yanu yamoto

Mtengo wa petulo ukangokwera, nkhani ya pasiteji ya kabaza imakhala imodzi: tichite bwanji kuti lita imodzi itifikitse kutali? Ena amathamangira kufinya kabuleta. Eni njinga zamakono, zomwe mafuta ake amapoperedwa ndi injekita, ayamba kuitanitsa pa intaneti kabokosi kotchedwa fuel tuner. Vuto n'lakuti ambiri amamanga kachipangizoka asanadziwe ntchito yake.

Injini sidya petulo yekha, imadya petulo wosakanikirana ndi mpweya. Kuti mafuta apse onse, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mafuta akachuluka, njinga imafuka utsi wakuda ndipo ndalama zimathera mu ekizozi. Akachepa, injini imatentha mopitirira, mavalavu amapsa, nthawi zina pisitoni imabooka. Ndalama yomwe munapulumutsa papampu imakathera kwa makaniko, n'kuwonjezerapo ina.

Pa njinga ya injekita, muyezo umenewu umasungidwa ndi kakompyuta kotchedwa ECU. Kabokosi ngati Power Commander ka kampani ya Dynojet ya ku America kamalumikizidwa pakati pa ECU ndi injekita, n'kumatalikitsa kapena kufupikitsa nthawi yomwe injekita imakhala yotsegula. Kwenikweni kadapangidwira munthu amene wasintha ekizozi kapena sefa ya mpweya, chifukwa mpweya ukamalowa wambiri, mafuta nawonso amafunika kuwonjezedwa. Kotero kawirikawiri kabokosika kamawonjezera mafuta, osati kuchepetsa. Ndipo ngati njinga yanu ndi ya kabuleta, monga zambiri za kabaza, musataye ndalama: kalibe polumikiza.

Ngati mwatsimikiza kumanga, yambani ndi njinga yabwinobwino. Tsukani kapena sinthani sefa, onani pulagi, mpata wa mavalavu, tcheni ndi mpweya wa m'matayala. Kabokosi sikachiza injini yodwala. Gulani kogwirizana ndi mtundu ndi chaka cha njinga yanu, chifukwa mapulagi a mawaya amasiyana. Pomanga, chotsani kaye waya wa batire, mawaya adutse kutali ndi ekizozi, ndipo waya wa earth umangidwe pachitsulo choyera, chopanda penti kapena dzimbiri.

Kenaka pamabwera map, yomwe ndi tebulo louza kabokosi kuchuluka kwa mafuta pa liwiro lililonse la injini. Sankhani yogwirizana ndi ekizozi ndi sefa zomwe zili pa njinga yanu, osati yomwe mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp. Posintha, sunthani pang'onopang'ono, maperesenti 2 kapena 3, n'kuyesa pamsewu musanapitirire. Dziwaninso kuti pa liwiro lapakatikati ECU imamvera sensa ya okosijeni ya mu ekizozi, ndipo imatha kubweza zomwe mwasintha.

Pali chinthu china chomwe wogula wa kuno asaiwale. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amapangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 komanso ku Chikwawa. Galamu imodzi ya ethanol imangofuna magalamu 9 a mpweya, choncho map yokonzedwera petulo wosasakaniza ingachititse injini kudya mafuta ochepa kuposa ofunika. Mukawonjezera kufinya pamenepo, mwaiika injini pamoto.

Mboni yabwino ndi pulagi. Mukayenda mtunda, imasuleni injini itazizira. Yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye kuti zili bwino. Yoyera mbee ikutanthauza kuti mafuta achepa, yakuda bii ndi mwaye ndiye kuti achuluka. Lamuloli ndi limodzimodzi kwa a kabuleta. Pofuna kudziwa ngati mukupuladi, dzazani thanki, yendani makilomita 100, dzazaninso n'kulemba malita omwe alowa. Chitani zimenezi musanamange ndiponso mutamanga. Makutu amanama, njinga yaphokoso imamveka ngati yamphamvu.

Palinso nkhani ya malamulo ndi utsi. Mu 2016, kampani ya Harley-Davidson idavomera kulipira boma la America chindapusa cha madola 12 miliyoni chifukwa chogulitsa zipangizo zosinthira mafuta pafupifupi 340,000 zomwe zinkachititsa njinga kutulutsa utsi woposa muyezo wovomerezeka. Utsi womwewo ndi umene wokwera kumbuyo ndi wogulitsa m'mbali mwa msewu amapuma. Komanso ngati njinga ikadali pa waranti, wogulitsa angakane kukonza injini yomwe yamangidwa kabokosi.

Kwa munthu amene njinga ndiye munda wake, sefa yoyera, matayala opopa bwino ndi dzanja lofatsa pa giya ndi moto zimapulumutsa mafuta popanda kuika injini pachiswe. Kabokosi n'kabwino kwa amene wasintha ekizozi ndipo ali ndi makaniko wodziwa kuyeza. Safunsa adadya phula.